Nyimbo Inachoka Pabwalo

Ife a ku Dedza sitinayambe lero kutaya ndalama pofuna kumva nyimbo. Mu 1949 kunabwera wailesi ija ankaitcha Saucepan Special, yokoka mawu a Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Mwini wake ankaiika pakhonde, anthu n'kuyala mphasa. Obwera ku Joni pa Wenela nawo ankasenza magumbagumba. Akatsika basi pa Linthipe, madzulo ake fumbi koboo! MBC itayamba mu 1964, mawailesi a Nzeru anapitiriza mwambo womwewo: wogula mmodzi, omvera mudzi wonse.

Zinthu zinatembenuka ndi Walkman, yomwe Sony anatulutsa mu 1979. Itafika kuno, nyimbo inachoka pabwalo n'kukabisala m'khutu mwa munthu mmodzi.

Lero mnyamata wa ku Bembeke amagulitsa matumba a kachewere kuti agule mahedifoni odula. Sindikumunena ayi, mawu ake amatuluka oyeradi. Komatu gumbagumba inkabweza mtengo wake povinitsa anthu paukwati ndi pa Khirisimasi. Nanga chomvera wekha chibweza chiyani? Ng'oma ya Gule Wamkulu timaimva ndi chifuwa chomwe, titathithikana pabwalo, ndipo mahedifoni a pachifuwa sanapangidwebe.