Za Nyumba ya Alendo ya Nicolas Flamel ku Paris

M'mzinda wa Paris, ku dziko la France, muli kamseu kopapatiza dzina lace rue de Montmorency. Pa nambala 51 paima nyumba ya miyala yomangidwa m'caka ca 1407, ndipo ambiri ati ndiyo yakale koposa nyumba zonse zokhalamo anthu m'mzindamo. Eni dziko aicha Auberge Nicolas Flamel. Liu ili lakuti auberge litanthauza nyumba ya alendo, ndipo muzu wace ndiwo mau akale a Cijeremani onena za pogona pa ankhondo ali pa ulendo.

Flamel anali mlembi. Masiku aja makina osindikiza mabuku anali asanaoneke ku Ulaya, cotero iye analembera anthu makalata ndi dzanja, nagulitsa mabuku. Anakwatira Pernelle, mkazi amene amuna awiri anamfera namsiyira cuma. Ana sanaone. Pernelle anamwalira m'caka ca 1397, ndipo zitapita zaka 10 mwamunayo anamanga nyumba iyi. Mwini wace sanagonemo konse, pakuti anaimangira ena.

Taonani nzeru ya mamangidwe ace. Kumaso kuli makomo atatu. Aŵiri a m'mbali analowa m'zipinda za malonda, ndipo amalonda analipira ndalama. La pakati linatsogolera ku makwerero a zipinda za pamwamba, kumene alimi ndi anchito osauka anagona. Potero za pansi zinasunga za pamwamba. Pa mizati ya pakati pa makomo amisiri anasema angelo oimba ndi zoimbira, ndi malemba aŵiri, N ndi F. Denga linali nalo cipupa cacitali cosongoka coyang'ana kumseu, cimene cinapatsa nyumba dzina lace loyamba, koma cipupaco anacigwetsa kale.

Osauka aja sanagone cabe iai. Mtengo wao unalembedwa pamwala, mzere umodzi wautali pamwamba pa makomo, ndipo uŵerengeka kufikira lero: kuti amuna ndi akazi okhala m'nyumbamo ayenera kunena Atate Wathu kamodzi ndi Tikuoneni Maria kamodzi tsiku ndi tsiku, kupempherera ocimwa amene anafa. Cotikondweretsa ife ophunzira mau ndi ici, cakuti lembalo liyamba ndi liu lakuti "ife", monga ngati osaukawo alankhula okha, cinkana wolembetsa anali mwini cuma. Kodi anthu aja, ambiri osadziŵa kuŵerenga, anatha kuona cimene mwala unanena m'dzina lao?

Flamel anamwalira m'caka ca 1418. Zitapita zaka pafupifupi 200, m'caka ca 1612, linaturuka buku lochedwa lace, lonena kuti iye anadziŵa kusandutsa zitsulo wamba zikhale golidi. Bukulo sanalembe ndiye, koma mbiri yabodzayo inathamanga koposa yoona, ndipo alendo ambiri afika pa nyumbayo cifukwa ca iyo. Ife tiyesa kuti cuma ca mkazi, nchito ya ulembi ndi nyumba zobwereketsa zikwanira kulongosola ndalama zace.

Calici ca Saint-Jacques-de-la-Boucherie, m'mene anamuika, anacipasula m'caka ca 1797, ndipo yatsala ndi nsanja yokha. Mwala wa pamanda pace ausunga ku Musée de Cluny. Boma la France linaika nyumba ya ku rue de Montmorency m'gulu la nyumba zosungidwa m'caka ca 1911, ndipo m'zipinda za pansi zija tsopano muli malo odyeramo anthu a ndalama.