Mmera Mpoyamba: Mawu Oyezera Mbewu Ikakumana ndi Zitsulo Zolemera

Mwezi wa Okutobala ukafika, mumsika wa Kapata mumamveka funso limodzi: "Amayi, kodi mbewuyi imamera?" Wogulitsa nshawa amayankha ndi mtima wonse kuti imamera. Mlimi wochenjera sakhutira ndi za pakamwa. Akafika kunyumba amawerenga njere 100, n'kuzikulunga m'saka lonyowa, n'kudikira sabata imodzi kapena kuposerapo. Akafunyulula amawerenga zimene zatulutsa muzu. Ameneyu wayamba kale ntchito imene akatswiri a mbewu amagwira ku Msekera kuno ku Chipata ndi ku Seed Control and Certification Institute ku Chilanga. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tili ndi mawu amodzi okha, "zamera", pamene akatswiriwo anawagawa m'mafunso angapo. Mafunsowo amafunika kwambiri mbewu ikagwera m'nthaka kapena m'madzi okhala ndi zitsulo zolemera.

Zitsulo zolemera si misomali kapena zidutswa za malata zimene khasu limafukula m'munda. Ndi mtovu, kadimiyamu, mercury, mkuwa, zinki ndi zina zotero, zosungunuka m'madzi a m'nthaka moti maso sangazione. Mkuwa ndi zinki chomera chimazifuna pang'ono, monga mchere m'ndiwo, koma zikachuluka zimapha. Mtovu, kadimiyamu ndi mercury zilibe ntchito iliyonse m'chomera. Dziko lathu likuzidziwa bwino. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma dothi la kumeneko likudwalitsabe ana. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi n'kulowa mu Kafue, kupha nsomba ndi kuwononga minda. Kuno kum'mawa kulibe migodi ikuluikulu yotere, koma kuli mabatire akutha otayidwa m'dzala, feteleza wa fosifeti amene amabwera ndi kadimiyamu pang'onopang'ono, ndiponso kukumba golide pamanja ku Petauke ndi Vubwi, ntchito imene kawirikawiri imayenda ndi mercury.

Kuti aone mmene zitsulozi zimakhudzira mbewu, woyeza amayala pepala lomwa madzi m'timbale tagalasi, nayikamo njere. Mbale yoyamba amathiramo madzi otcheza opanda kanthu. Pa Chingerezi imatchedwa control, koma ine ndimaitcha mboni, chifukwa popanda iyo palibe mlandu umene ungagamulidwe: mbewu ikalephera, udziwa bwanji kuti ndi chitsulo osati kufumbwa? Mbale zinazo amathiramo madzi achitsulo mosiyanitsa mphamvu, ina mamiligalamu 10 pa lita, ina 50, ina 100. Muyeso uliwonse amaubwereza m'mbale zingapo kuti mwayi kapena tsoka la mbale imodzi lisamunamize. Malamulo a bungwe loona za kuyeza mbewu la ISTA, limene linakhazikitsidwa mu 1924, amafuna njere 400 pa mayeso a kameredwe, ndipo chimanga chimawerengedwa tsiku la 4 ndi la 7.

Funso loyamba ndi lakuti zamera zingati pa 100. Ofufuza ambiri amati njere yamera muzu woyamba ukatuluka mamilimita 2. Nambala imeneyi ndi yosavuta kupeza, komanso ndi imene imanyenga kwambiri. Khungu la njere limatchinga chitsulo kwa kanthawi, ndipo njere imanyamula kamba wakewake, sidalira nthaka masiku oyambirira. Choncho chimanga chikhoza kumera pafupifupi chonse ngakhale m'madzi oipa. N'chifukwa chake pali funso lachiwiri, lakuti zamera liti. Woyeza amawerenga tsiku ndi tsiku kuti apeze nthawi imene njere zambiri zinatenga. Chitsulo chimafoola ma enzyme amene amasandutsa ufa wa m'njere kukhala shuga, motero mmera umachedwa, ndipo aliyense wolima kuno amadziwa kuti mmera wochedwa umapitiriridwa ndi mvula yoyamba.

Funso lachitatu ndilo mwini nkhani: muzu watalika bwanji? Muzu ndiwo umayamba kukhudza poizoni, ndipo kunsonga kwake n'kumene maselo amagawikana kuti ukule. Ikani mbande ziwiri pathebulo. Ya m'mbale ya mboni ili ndi muzu woyera, wautali, wa ubweya wosalala. Ya m'madzi achitsulo ili ndi kachitsa kafupi, konenepa, kofiirira kunsonga ngati kawauka. Zonse ziwiri "zamera", koma imodzi yokha ndiyo ingamwe madzi pansi dzuwa likaomba.

Kuchokera apa akatswiri anapanga miyeso yophatikiza. Mphamvu ya mbande, monga anaifotokozera Abdul-Baki ndi Anderson mu 1973, imapezeka pochulukitsa peresenti ya zomera ndi kutalika kwa mbande. Kupirira kwa mbewu kumapezeka poyerekeza muzu wa m'chitsulo ndi muzu wa mboni. Tiyerekeze kuti wa mboni ndi masentimita 10 ndipo winawo ndi 4: kupirira kwake ndi 40 pa 100. Muyeso umenewu ndiwo ungationetse ngati nshawa ya Chalimbana ndi ya MGV4 zimalimba mofanana. Palinso EC50, mphamvu ya chitsulo imene imadula kukula ndi theka. EC50 ikakhala yaing'ono, ndiye kuti chitsulocho ndi chaukali, chifukwa pang'ono pokha pakwanira kuwononga.

Mbale yagalasi ili ndi malire ake. M'munda nthaka imagwira chitsulo china osachipereka ku muzu. Nthaka ya asidi imachimasula, pamene laimu ndi manyowa zimachimanga. Ndiponso mbewu yopirira si ndiye kuti ndi yabwino kudya. Repu ndi chayinizi zikhoza kubiriwira bwino uku zikusunga kadimiyamu m'masamba. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malire a Codex, malamulo a padziko lonse a zakudya, pa ndiwo zamasamba ndi mamiligalamu 0.2 a kadimiyamu ndi 0.3 a mtovu pa kilogalamu, ndipo izi zimadziwika m'labotale mokha.

Komabe mayeso a mmera ndi otchipa, ndipo amachenjeza msanga. Aphunzitsi a sayansi ndi alangizi a zaulimi, tengani madzi amene alimi a madimba a mu Lunkhwakwa amathirira, muwayerekeze ndi madzi oyera. Njere, pepala ndi rula n'zokwanira poyambira. Mizu ikafupika, pitani ndi madziwo ku Msekera kapena ku bungwe loona za chilengedwe la ZEMA kuti akaunikidwe bwino. Ndipo inu alimi anzanga, chaka chino mukafunyulula saka lija musangowerenga njere zomera. Yezaninso mizu, pakuti mmera mpoyamba.