Mwana ndi Buku Lace m'Makomboni a Lusaka

Pali kuwerenga kwa mitundu iwiri. Kwina ndi kuja kumene mphunzitsi achula mau, ndipo ana onse a m'kalasi abwereza pambuyo pace ndi liu limodzi. Kwina ndi kuja kumene mwana atenga buku limene wadzisankhira yekha, nakhala nalo phee, ndipo atalitsiriza akhoza kunena cimene camkondweretsa ndi cimene akucikana. Kuwerenga koyambako kunafika msanga m'makomboni a Lusaka, koma kwaciwiriko kwayenda ulendo wautali ndi wobvuta. M'nkhani ino tifuna kulondola ulendowo, kuti inu amene mwatsiriza sukulu mudziwe cimene cinaucedwetsa, ndi mbali ya nchito imene yatsalira inu.

Masiku a Citupa

Lusaka anasanduka likulu la Northern Rhodesia m'caka ca 1935, pamene Boma linasamuka ku Livingstone. Amene anakonza mzindawo anayesa munthu wakuda mlendo wodzagwira nchito cabe, woyenda ndi citupa, amene adzabwerera kumudzi nchito yace ikatha. Cifukwa cace nyumba zomangira anthu akuda zinali zocepa. Matero anamangidwa kuciyambi kwa zaka za 1950, koma sanakwanire onse. Otsalawo anadzimangira okha pa mapulazi a eni ace ndi pafupi ndi migodi ya miyala, ndipo motero kunabadwa Kanyama, Kalingalinga, George, ndi Chawama amene kale anali kuchedwa Roberts. Popeza malo awa sanali obvomerezeka pa lamulo, Boma silinafulumire kumangako sukulu. Nanga nyumba ya mabuku ndani akanaiganizira?

Komabe tisayese kuti anthuwo sanali kuwerenga. M'nyumba zambiri munali Baibulo ndi buku la nyimbo zocokera ku misyoni. M'caka ca 1936 Boma linayamba nyuzipepa ya Mutende, yolembedwa m'Cingerezi, Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi. M'caka ca 1937 kunakhazikitsidwa African Literature Committee, ndipo m'caka ca 1948 nchito yace inapatsidwa kwa Publications Bureau ya maiko awiri, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene ofesi yace inali m'Lusaka. Kucokera kumeneko kunaturuka timabuku tating'ono ta mtengo wocepa m'zinenero zathu. Nthondo, buku la Samuel Ntara la 1933, linali litasonyeza kale kuti nkhani yaitali ingathe kulembedwa m'Cinyanja. Kawirikawiri munthu mmodzi wodziwa kuwerenga anali kuwerengera anzace madzulo, iwo namatsutsana za zimene amva, ena nalembera kalata kwa mkonzi wa nyuzipepa. Uku kunali kuyankha zolembedwa, ngakhale kunacitikira kunja kwa sukulu.

M'kalasi ya Cingerezi zinthu zinali zina. Sukulu ya sekondale ya Munali inayamba m'caka ca 1939, ndipo anyamata ofikako anali owerengeka. Mayeso akuru anali kucokera ku Cambridge, ndi mabuku omwe anali a ku England, onena za nyengo ndi miyambo imene mwana wa m'Matero sanaionepo. Njira yapafupi yopambanira inali kuloweza pamtima zimene mphunzitsi wanena za bukulo. Mwana sanali kufunsidwa maganizo ace. Pofika pa ufulu m'caka ca 1964, dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 otsiriza maphunziro a yunivesite, ndi pafupifupi 1,200 okhala ndi setifiketi ya sekondale.

Cingerezi Kuyambira Tsiku Loyamba

Boma latsopano linamanga sukulu zambiri mofulumira, ndipo tiyenera kuliyamika pa ici. Koma linacitanso cinthu cina cimene zipatso zace zinaoneka mocedwa. Akatswiri otumidwa ndi UNESCO m'caka ca 1963 analangiza kuti ana aziphunzira zonse m'Cingerezi kuyambira kalasi yoyamba, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linatsata uphungu umenewo, John Mwanakatwe ali nduna ya maphunziro. Zifukwa zace zinali zomveka. Dziko la zinenero zambiri linafuna umodzi, ndipo m'Lusaka Mcewa, Mbemba, Mtonga ndi Mlozi anali kukhala pa benci limodzi.

Tsono taganizani za mwana wa ku Kanyama wa zaka 7, amene kunyumba ndi pa masewera alankhula Cinyanja ca m'tauni. Iye anapatsidwa akatundu awiri tsiku limodzi: kuphunzira cinsinsi ca malembo, ndi kuphunzira cinenero cacilendo. Ambiri anatha kuchula mau bwino lomwe osadziwa tanthauzo lace. Munthu wotere sangakhale pansi ndi buku yekha, pakuti palibe cimene bukulo likumuuza. Ndipo amene sanamve sangayankhe.

Kwa iwo amene anapyola mpata uwu nafika ku sekondale, monga ku Matero Boys imene inatsegulidwa m'caka ca 1966, nyengoyo inali yokoma. M'caka ca 1962 kampani ya Heinemann inayamba mndandanda wa African Writers Series. Buku loyamba linali Things Fall Apart la Chinua Achebe, ndipo lacinai linali Zambia Shall Be Free la Kenneth Kaunda. M'caka ca 1971 kunaturuka The Tongue of the Dumb la Dominic Mulaisho, lonena za mudzi wa m'dziko lathu lino. Apa mwana anapeza m'Cingerezi mfumu, sing'anga, mmisyoni ndi mkamwini, anthu amene iye anali kuwadziwa kuposa mlendo wolemba mayeso. Kwa nthawi yoyamba anali ndi cifukwa ca kunena kuti wolembayo walondola apa, koma apo waphonya. Caka comweco ca 1962 kunayambanso Zambia Library Service ndi thandizo la Ford Foundation, ndipo m'caka ca 1966 kunakhazikitsidwa Kenneth Kaunda Foundation kuti mabuku a sukulu azisindikizidwa konkuno.

Njala ya Mabuku

M'caka ca 1974 lamulo latsopano linalola kuti makomboni odzimangira abvomerezedwe, ndipo George ndi Chawama anayamba kulandira mipope ya madzi, miseu ndi sukulu ndi ndalama za World Bank. Tsoka lace, caka cotsatira mtengo wa mkuwa unagwa. Ndalama zogulira mapepala ndi mabuku akunja zinasowa, pamene ana m'makomboni anali kucuruka. Sukulu zinagawa ana, ena m'mawa, ena masana. Buku limodzi linali kugwiridwa ndi ana ambiri, ndipo mphunzitsi, poopa kuti lingang'ambike kapena kubedwa, anali kulitsekera m'kabati. Sitingamdzudzule kwambiri, pakuti likatayika panalibe lina. Koma buku la m'kabati siliphunzitsa munthu.

Acinyamata okonda nkhani anadzipezera njira zao. Mabuku a Pacesetters, amene anayamba kuturuka m'caka ca 1977, ndi a James Hadley Chase anali kuyenda dzanja ndi dzanja mpaka cikuto kutha, nawerengedwa usiku pa koloboi. Ena anali kuwanyoza kuti ndi mabuku acabe, koma ndiwo anazoloweretsa ambiri kutsiriza buku lonse popanda wowakakamiza.

Kukula kwa bvutoli kunadziwika m'zaka za 1990. Katswiri wina, Eddie Williams, anayesa ana a ku Zambia ndi a ku Malawi. Ana a ku Malawi anali kuyamba sukulu m'Cicewa, a ku Zambia m'Cingerezi. Iye anapeza kuti pa kuwerenga Cingerezi magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni, koma pa cinenero ca kwao ana a ku Malawi anapambana kutali. Ndiko kunena kuti mwana wa ku Zambia anataya cace, osapindula kanthu pa ca mwini. Mayeso ena a 1995 anasonyeza kuti mwa ana a Giredi 6, pafupifupi mmodzi yekha mwa 4 ndiye anafika pa muyeso wocepetsetsa wa kuwerenga.

Kubwerera pa Mphambano

Wasocera njira abwerera pamene anapatukira. M'caka ca 1996 Boma linalengeza kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero cimene acidziwa, ndipo kuyambira 1999 kunayamba Primary Reading Programme. M'Lusaka mwana wa Giredi 1 anayamba ndi Cinyanja, nalowa m'kuwerenga Cingerezi m'Giredi 2. Cinthu cina cofunika cinali cakuti kalasi inagawidwa m'magulu: pamene mphunzitsi ali ndi gulu limodzi, ena anali ndi nchito yao, ndipo pangodya panaikidwa timabuku toti mwana asankhe yekha. Apa kuwerenga kwa pa yekha kunapatsidwa malo m'kalasi mwa lamulo. Pamene timabukuto tinatha osabwezeredwa, mwambowo unafooka. M'caka ca 2014 zinenero zathu zinapatsidwa malo okulirapo, kufikira Giredi 4.

Kunja kwa sukulu, Khonsolo ya mzinda inatsegula nthambi za laibulale ku Chilenje, Matero ndi Mtendere. Bungwe la Lubuto, dzina la Cibemba lotanthauza kuwala, linatsegula nyumba ya mabuku a ana ku Kamwala m'caka ca 2007, ndi ina m'komboni ya Garden m'caka ca 2010, kumene ngakhale mwana wosapita ku sukulu analoledwa kulowa ndi kugwira buku. Ndipo makomboni eni ace alowa m'mabuku a Cingerezi: The Old Drift, buku la Namwali Serpell la 2019, lifotokoza za anthu okhala m'Kalingalinga.

Cimene Mbiriyi Itiphunzitsa

Tikayang'ana zaka zonsezi tiona kuti mwana awerenga yekha pamene zinthu zitatu zakomana: buku liri m'manja mwace, mau ace akuwamva, ndipo pali munthu womfunsa maganizo ace. M'masiku a citupa munalibe mabuku ndi womfunsa yemwe. Pambuyo pa 1966 mau sanamveke. Pambuyo pa 1975 mabuku anasowanso. Nthawi iri yonse cimodzi cikasowa, ziwiri zinazo sizinathandize.

Cacitatuco sicifuna ndalama, ndiponso si cacilendo kwa ife. Agogo poyamba nthano sapitirira ngati ana sanabvomere kuti ali pamodzi nao, ndipo nthano ikatha pakhala kutsutsana ngati Kalulu anacita bwino kapena iai. Kuyankha buku ndi mwambo womwewo. Tsono inu amene mwasiya sukulu, musasiyire mabuku pa cipata cace. Bwerekani buku, la Cinyanja kapena la Cingerezi, muliwerenge mpaka kumapeto. Mng'ono wanu akabwera nalo lace, musamfunse ngati waloweza. Mumfunse munthu amene wamkonda m'nkhanimo, amene wamuda, ndi cifukwa cace. Akayankha mosiyana ndi inu, mumlole atsirize mau ace, pakuti pamenepo ndiye wayamba kuwerenga.