Malipiro a antchito a boma, monga ndawaonera ndili pa mulu wa kachewere

 Ine ndine mlimi wa kuno ku Angónia, ndimalima chimanga, nyemba ndi kachewere, ndipo sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Tsiku lina pa msonkhano wathu tinatsutsana za greve ya madokotala ndi madandaulo a aphunzitsi. Achimwene ena anati, "Izi n'za anthu olandira pamwezi, ife alimi zikutikhudza pati?" Tsiku limenelo ndinangokhala chete. Yankho langa ndi ili ndalemba panoli.

Chaka ndi chaka boma limalemba ndalama zimene likuyembekeza kupeza ndi mmene lidzazigawire. Ndiyo Orçamento do Estado, ena amati bajeti, ndipo aphungu a Assembleia da República ku Maputo ndi amene amavomereza. Ndi nkhokwe imodzi basi. M'menemo ndi mmene mumachoka malipiro a mphunzitsi, namwino, wapolisi ndi mlangizi wa zaulimi, komanso ndalama za mankhwala, choko ndi msewu.

Bambo anga amakamba za 1987, pamene boma linayamba ndondomeko ya PRE mogwirizana ndi FMI ndi Banco Mundial. Metical inagwa mphamvu, zinthu zinakwera mitengo, malipiro a antchito a boma n'kutsalira m'mbuyo. Ambiri a kuno nthawi imeneyo anali atathawira ku Malawi chifukwa cha nkhondo, choncho izi ankangozimva. Atabwerera nkhondo itatha mu 1992 anapeza mphunzitsi akulima dimba ngati ife kuti adye.

Zimene ndinaziona ndekha zinayamba mu 2013. Mu Januwale chaka chimenecho madokotala a bungwe la Associação Médica de Moçambique ananyanyala ntchito, ndipo anabwerera atasainirana pangano ndi boma. Pofika Meyi ananyanyalanso, akunena kuti zimene anagwirizana sizinachitike, ndipo ulendo uno zinatenga pafupifupi mwezi. Mtsogoleri wawo, Jorge Arroz, anamangidwa n'kutulutsidwa pasanathe nthawi. Apa m'pamene ndinayamba kuona kuti pepala losainidwa ndi china, ndalama yolembedwa m'bajeti ndi chinanso.

Kenaka 2016. Zinaululika kuti m'zaka za 2013 ndi 2014 makampani atatu, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola pafupifupi madola 2 biliyoni ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB, boma n'kuikira chikole aphungu osavomereza. FMI ndi mayiko amene ankathira ndalama m'bajeti yathu anaimitsa thandizo. Dola, imene kumayambiriro kwa chakacho inali pansi pa meticais 50, inafika pafupi ndi 80. Ine mabwato a nsomba za atum sindinawaonepo, nyanja yamchere sindikuidziwa, koma thumba la feteleza linandiuza nkhani yonse. Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma, anamangidwa ku South Africa mu 2018 ndipo khoti la ku New York linam'peza wolakwa mu 2024. Koma ngongole yotere amabweza ndi msonkho wa tonse.

Tsopano ndifike pa TSU, Tabela Salarial Única, imene yandichititsa kulemba. Lamulo lake linatuluka mu 2022 ndipo malipiro atsopano anayamba mu Okutobala. Cholinga chinali chabwino ndithu: antchito onse a boma aikidwe pa makwerero 21, kuti anthu a ntchito ndi maphunziro ofanana asamasiyane malipiro chifukwa choti wina ali ku unduna wonona. Wolandira zochepetsetsa anachoka pa meticais opitirira pang'ono 4,000 n'kufika opitirira 8,000. Amene amasesa ku chipatala ndi alonda a ku sukulu anakondwa, ndipo ine ndinakondwa nawo, chifukwa miyezi imeneyo kachewere ankatha msanga pa msika.

Koma eti abale, zinaoneka kuti masamu sanawerengedwe bwino. Ndalama zolipira antchito zinakwera kuposa zimene boma linkayembekeza. Kumapeto kwa 2022 Pulezidenti Filipe Nyusi analengeza kuti décimo terceiro, malipiro a mwezi wa 13 aja, sadzakhalapo. Mu 2023 boma linayamba kudula zina mwa zimene linali litapereka kale. Madokotala ananyanyala mu Disembala 2022, n'kunyanyalanso mu Julayi 2023. Aphunzitsi nawo anadandaula kwa zaka kuti sakulipidwa maola owonjezera, aja amagwira akaphunzitsa m'mawa n'kubwereranso masana chifukwa aphunzitsi ndi ochepa. A FMI, amene anabwerera ndi ngongole yatsopano mu 2022, ananena kuti pa meticais 100 aliwonse a msonkho, oposa 70 ankathera ku malipiro. Mukachotsaponso za ngongole, za mlatho wathu uja umakokoloka dzinja lililonse zitsala zingati?

Pamenepa ndimasiyana ndi ena m'kalabu amene amati antchito a boma ndi adyera. Ine sindikuona choncho. Mphunzitsi wa mwana wanga ali ndi ana odzaza kalasi mpaka ena kukhala pansi, ndipo akafunsa ndalama ya maola amene anagwira sakupempha mphatso. Komanso sindingavomereze kuti bajeti yonse ithere ku malipiro, namwino alipo koma mankhwala palibe. Amene ndimawadandaula ndi olonjeza asanasuzumire m'nkhokwe. Ife tikalemba aganyu opalira timayamba taŵerenga ndowa za chimanga zimene tili nazo, chifukwa waganyu sadya mawu.

Achimwene munafunsa kuti zikutikhudza pati. Pitani pa msika wa Ulónguè sabata imene malipiro achedwa, mukaone amayi akubwerera ndi tomato madzulo. Ogula athu a ndalama m'manja ndi omwewa, aphunzitsi, anamwino ndi apolisi. Mu 2023 aphunzitsi ena, dzina ndisatchule, anatenga kwa ine matumba atatu a kachewere pa ngongole, akuti adzalipira ndalama za maola owonjezera zikatuluka. Sindinawakanize, ndi anthu abwino, anaphunzitsa mwana wanga kuŵerenga. Matumba aŵiri anandilipira pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro awo a pamwezi. Lachitatu lija likadali m'kabuku kanga, ndipo tikakumana pa njira amayamba ndi iwo kulitchula.