Mbiri ya Luso Lokonza Mafoni ku Mangochi

Ntchito yokonza mafoni a m'manja inazika mizu m'Malawi kampani ya TNM itayamba mu 1995 ndi Celtel mu 1999, koma ku Mangochi inakula kwambiri chifukwa cha anyamata opita ku Joni, omwe pobwerera kwawo ku Namwera, Makanjira kapena Monkey Bay ankabweretsa mafoni ogwiritsidwa kale ntchito. Amisiri oyambirira ankasintha mabatire, magalasi ndi mabatani, koma Android itafala pambuyo pa 2008, lusoli linasamukira pa kompyuta, ndipo kufulasha, kutanthauza kulembanso pulogalamu yoyendetsa foni, kunasanduka mtima wa ntchitoyi.

Apa ndi pomwe amisiri anaphunzira kuti mkati mwa foni muli zipinda zosiyana kufunika kwake, zomwe ziyenera kusankhidwa mosamala posunga ndi pobwezeretsa. Zipinda za system ndi boot, zomwe zimanyamula pulogalamu yoyendetsa foni, zimapezekanso pa intaneti, pomwe chipinda cha data chimasunga zithunzi ndi mauthenga a mwini foni yekha. Chofunikira koposa ndi chipinda chotchedwa EFS m'mafoni a Samsung, kapena NVRAM m'mafoni a MediaTek monga ambiri a Tecno, chifukwa chimasunga IMEI, nambala ya manambala 15 yomwe netiweki imazindikirira foni, ndipo chikafufutika foniyo imayaka koma osagwira netiweki. Popeza wogulitsa usipa kapena chambo amalandirira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, mmisiri wosamala amayamba wasunga chipinda chimenechi asanakhudze china chilichonse.