Walvis Bay

Walvis Bay ndi mzinda wa m'chigawo cha Erongo ku Namibia, womwe uli m'mbali mwa nyanja yamchere ya Atlantic, m'chipululu cha Namib. Kalembera wa 2023 anapeza kuti mumzindawu mumakhala anthu oposa 100,000. Dzinali limatanthauza gombe la anamgumi, chifukwa kale nyamazi zinkapezeka zambiri kumeneko.

Mbiri

Anthu a mtundu wa Topnaar akhala m'mbali mwa mtsinje wa Kuiseb kuyambira kalekale. Mpwitikizi wina woyenda panyanja, Bartolomeu Dias, anaimika chombo chake pagombeli mu Disembala 1487. Britain inalanda malowa mu 1878 ndipo mu 1884 inawaphatikiza ku Cape Colony. Choncho Ajeremani, omwe ankalamulira dera lozungulira, anamanga doko lawolawo ku Swakopmund, pafupifupi makilomita 30 chakumpoto.

Mu 1910 Walvis Bay inakhala mbali ya South Africa. Pa nthawi ya tsankho, anthu akuda ankakhala ku Kuisebmond ndipo makaladi ku Narraville. Namibia italandira ufulu mu 1990, South Africa inakakamirabe mzindawu. Mayiko awiriwa atakambirana, unaperekedwa m'manja mwa Namibia pa 1 Malichi 1994.

Malo ndi nyengo

Doko la mzindawu limatetezedwa ku mafunde ndi mchenga umene unalowerera m'nyanja, wotchedwa Pelican Point. Madzi ozizira a Benguela, ochokera kummwera, amaziziritsa mpweya moti mitambo yamvula sipangika. Mvula siikwana mamilimita 20 pachaka, koma m'mawa kumachita nkhungu kawirikawiri ndipo sikutentha kwambiri. Madzi ambiri akumwa amapopedwa pansi pa mchenga wa mtsinje wa Kuiseb. Kummwera kuli thamanda lalikulu lomwe mumakhala mbalame za flamingo, ndipo kummawa kuli mulu wamchenga wotchuka wa Dune 7.

Chuma

Chuma cha mzindawu chimadalira doko, usodzi ndi mchere. Dokoli limayendetsedwa ndi kampani ya boma ya Namport, ndipo mu 2019 kunatsegulidwa malo atsopano otsitsira makontena. Miyala ya uranium yochokera kumigodi ya Rössing ndi Husab imatumizidwa kunja kudzera padokoli. Kuli misewu yopita ku Botswana komanso ku Zambia kudzera ku Katima Mulilo, ndipo malole amabweretsa mkuwa wa ku Copperbelt ndi ku Democratic Republic of the Congo.

Mafakitale a nsomba amalemba ntchito anthu ambiri. Nsomba za pilchard zinachepa kwambiri m'zaka za m'ma 1970 chifukwa chogwidwa mopyola muyeso, ndipo lero asodzi amadalira hake ndi horse mackerel, zomwe boma limaika malire a kagwiridwe kake. Mchere umapangidwa poumitsa madzi a m'nyanja m'maiwe akuluakulu ndi dzuwa ndi mphepo. Anthu ambiri amasamukira mumzindawu kukafuna ntchito, zomwe zachititsa kuti nyumba zizisowa ndipo zisakasa zichuluke.