Samuel Josia Ntara ndi Ntchito Yolemba Mbiri za Anthu

Kulemba mbiri ya munthu, komwe ndi kulondola moyo wa munthu mmodzi m'buku kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, kunayamba kuzika mizu m'Chinyanja kudzera mwa Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma amene anabadwa mu 1905. Dzina lake linamveka kunja kwa Nyasaland pamene buku lake lotchedwa Nthondo, lomwe linasindikizidwa mu 1933, linapambana mphoto m'gawo la mbiri za anthu pa mpikisano wa bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures, limene linkalimbikitsa Aafirika kulemba m'zilankhulo zawo. Mu 1934 mmishonale T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa, ndipo wasayansi Julian Huxley ndiye analemba mawu oyamba.

Chochititsa chidwi n'chakuti Nthondo, mwini nkhani wa m'bukuli, sanali munthu weniweni, koma Mchewa wopeka amene Ntara anamuumba kuchokera ku zimene ankaona pamudzi: kubadwa, chinamwali, ulendo wokafuna ntchito kutali, kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Motero ulemu waukulu umene anaulandira monga wolemba mbiri unadza ndi buku limene ambiri lero amaliwerenga ngati nthano.

Luso lake lenileni pa ntchitoyi likuoneka m'buku la Msyamboza, lonena za mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa imene inamwalira mu 1926, limenenso Young analimasulira mu 1949 n'kulitcha Headman's Enterprise. Apa Ntara anayenera kukhala pansi ndi akuluakulu amene anaiona mfumuyo ndi maso, kumvetsera zimene ankakumbukira za nthawi ya nkhondo za Angoni, za malonda ndi za ulimi wake wothirira, kenaka n'kuzilumikiza kuti zikhale moyo umodzi womveka. N'zoona kuti diso la mishoni silichoka m'masamba ake, moti miyambo ngati nyau saiweruza mwachilungamo nthawi zonse, komabe popanda khama lakelo zambiri za Msyamboza zikanapita kumanda limodzi ndi mboni zake. Njira yomweyo yofunsa akuluakulu ndiyo inabala Mbiri ya Achewa, ndipo mu 1964 anatulutsanso mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi mwa abusa oyamba achikuda a ku Nkhoma.